Mutu 6: Nsungwi Yopanda Mbendera

1. Kanthu kanga

Ndagi, iwe amene wagwira bukuli! Yankha kuti gize, usachite manyazi, palibe akukuona.

Kanthu kanga aka: nyumba kali nayo, koma sikanamangepo. Ikakathina kamatuluka n'kukalowa m'nyumba ya mnzake, tsiku lomwelo n'kumayenda monyada ngati kanabadwira momwemo. N'chiyani?

Wati kamba? Ayi. Wati mkamwini? Iwe, pakamwa pako! Walephera basi. Ndibaire nkhumba, ya mano opindika ija, osati kamwana. Yankho lake ndi kankhanu ka m'mbali mwa nyanja, kaja koyenda ndi chigoba cha eni. Koma ukafunsa amuna a pachilumba pathu akuuza kuti yankho ndi wosewera mpira. Chaka chino jezi yofiira, chaka chamawa yoyera, ndipo konsekonse akudziguguda pachifuwa kuti afera pomwepo.

Dzina lakuti Kankhanu anthu anamupatsanso Kalmet, mchimwene wake wa Leisongi, mtsikana wa kusekondale wa m'mudzi mwathu. Kalmet mpira anauphunzirira pamchenga, wopanda nsapato, ndipo mwendo wake wamanzere unkachita kulankhula. Timu ina ya ku Vila, likulu la dziko lathu, inamutenga. Posakhalitsa ina ya ku Vila komweko inamulanda. Kenaka kunabwera a ku Australia n'kumukweza ndege.

Tsiku loti achoke anakadula nsungwi yaitali kuposa zonse za kuphiri, n'kuizika kutsogolo kwa nyumba yawo, pamtunda poyang'ana padoko. Anakoleka chingwe pamwamba n'kukweza mbendera ya Brazil, pakuti banja lawo ndi la Brazil kuyambira kwa agogo.

"Usadzaitsitse, Lei," anatero. "Ndikamadzabwera pa boti, ndidzayambe kuona iyoyi ndisanaone denga."

Poyamba ankaimba foni Lamulungu lililonse. Anthu akatuluka m'tchalitchi, Leisongi ndi amayi ake, a Leitare, ankakwera phiri mpaka pa kachere wamkulu, pakuti pachilumba ponse netiweki imapezeka pokhapo. Tsiku lina Kalmet anati, "Ndikusinthanso timu, ndikuuzani zikatheka." Lamulungu lotsatira anayankha ndi mayi wa m'makina uja, wonena kuti nambala sikupezeka. Linalo chimodzimodzi. Zilazi zinakumbidwa, zina zinadzalidwa, mayi wa m'makina sanasinthe mawu.

A Leitare anasiya kukwera phiri. Leisongi sanasiye. Ankapita yekha, kuimba, kumvera, n'kutsika. Akafika kunyumba ankaimirira pansi pa nsungwi n'kuyang'ana m'mwamba. Dzuwa ndi mphepo yamchere zinali zitaidya mbendera ija, mtundu wake utasuluka, ndipo m'mphepete mwake munali zigamba zosoka iye mwini.

2. Pakhonde la sitolo

Chikho cha Dziko Lonse chitayandikira, chilumba chinachita maluwa a nsalu. Padenga mbendera, pa boti mbendera, ngakhale pakhola la nkhumba. Amuna ankasonkhana pakhonde la sitolo, pomwe pali kanema woyendera sola, n'kumakangana kuyambira m'mawa, minda ikumera udzu.

Mwini mkangano anali a Toara. Bamboyu anali atangobwera kumene kuchokera ku Australia kothyola malalanje, ndipo anabwerako ndi magalasi akuda, nsapato zoyera ndi pakamwa patsopano. Popita anali wa Germany. Pobwera anali wa France, ngakhale Chifalansa chawo chinkathera pa moni.

Tsiku limenelo Leisongi anatumidwa mchere, ndipo anawapeza atayatsa kale moto.

"Brazil ndi gule, si mpira," ankatero a Toara. "Kuvina kokhakokha, chigoli osaoneka. Akatswiri anuwo ukangowapumira m'khosi, amagubuduka kuchokera pano mpaka padoko."

"Nanga wanu uja," anayankha mwini sitolo, "anamugula ndi ndalama zogulira chilumba chino ndi nkhumba zake zomwe, wagoletsa zingati chimugulireni? Akungofunditsa benchi!"

"Inu mpira mumauonera pa kabokosi ka machesi aka. Ine ndinauona ndi maso, m'bwalo lolowa anthu onse a ku Vila n'kutsalako malo. Udzu wake amachita kuupesa ndi chipeso."

"Alamu," anatero a Leimara, mayi wogulitsa tuluku, mikate ya chinangwa, pakhondepo, amene mng'ono wawo ndiye anakwatiwa ndi a Toara, "si inu munkalirira Germany ulendo wathawu, mpaka mamina kugwera m'chikho cha kava yoledzeretsa ija? Lero mwadzuka Mfalansa?"

"Munthu woyenda amasintha maganizo, alamu. Ndi mtengo wokha umene umafera pomwe unamera."

"Nanga Kankhanu wathu ali timu iti tsopano?" anafunsa wina.

"Ndinamva anamugulitsa ku New Zealand."

"Bodza. Anamutaya. Mwana wa pamchenga sangalimbe m'nsapato."

"Ayi, kutchuka kwamulowa m'mutu. Waiwala amake."

Palibe amene anaona kuti Leisongi waima pakhomo la sitolo ndi mchere m'manja. A Leimara ndiwo anayamba kumuona, n'kutsokomola. Pakhonde panangoti zii. Koma a Toara chete amawayabwa ngati chitedze.

"Kalmet?" anatero. "Ndinadya naye nkhuku sabata imene ndinkanyamuka. Kochi wake ndi mnzanga wa ponda apa nane m'pondepo. Sagula wosewera asanandifunse."

Mkangano utazirala, a Toara ananyamuka, ndipo Leisongi anawatsatira mpaka kuseri kwa sitolo.

"Amalume, n'zoona munawaona achimwene?"

A Toara anatulutsa foni, kudinadina, n'kumuonetsa. Pagalasi panali dzina la zilembo zikuluzikulu: KALMET. Leisongi anatambasula dzanja, koma foni inali itabwerera kale m'thumba.

"Ndingolankhula nawo pang'ono, amalume. Ndingomva mawu okha."

"Zaulere zinapita ndi atsamunda, mwana iwe. Ndalama yako ya vatu sindikuifuna. Ndikufuna nsungwi. Aliyense wobwera pa boti amayamba kuona chisanza chako chija n'kumati chilumba chino n'cha Brazil. Mawa m'mawa, boti la amayi a kumsika lisanafike, uchitsitse. Ine ndibwera ndi ya France, yatsopano, ya m'pepala. Ikangokwera, nafenso tikwera phiri, ukalankhule naye mpaka khutu litenthe."

"Koma achimwene anati ndisadzaitsitse."

"Iyeyo wasintha majezi angati? Ndiye akakwiyire kansalu?"

3. Mawu a agogo

Masana amenewo agogo ake aamuna, a Kalsong, anali pansi pa mango akusoka ukonde. Paunyamata wawo anali goloboyi wa chilumba chonse, ndipo zala zawo zinali zokhotakhota ngati mizu ya chinangwa. Leisongi anakhala pambali pawo n'kugwirako ukondewo.

"Agogo, munthu akasintha mbendera, walakwa?"

A Kalsong sanadzutse mutu. "Funso lakoli lili ndi mwini, ndipo mwini wakeyo amavala magalasi akuda. Wakulonjeza chiyani?"

Leisongi ananena pang'ono, zina anameza.

"Tamvera, mdzukulu wanga," anatero agogo. "Ine ndinayamba kuchemerera Brazil tikumvera mpira pa wailesi ya abusa, mudzi wonse kuzungulira kabokosi kamodzi. Dziko limenelo sindinalionepo. Eni ake sadziwa n'komwe kuti kuno kuli Kalsong. Akapambana sanditumizira kanthu, akaluza wodwala ndine. Choncho usaganize kuti ndikuikira kumbuyo nsalu. Nsalu ndi nsalu, amayi ako akhoza kupukutira mbale. Ndipo wosewera akasintha timu, imeneyo ndi ntchito. Ali ngati msodzi wosintha malo oponyera ukonde. Kalmet ine sindimuweruza. Koma iwe sunalembedwe ntchito ndi munthu. Iwe anakusungitsa mawu, ndipo unavomera. Mawu osungitsa sapita kumsika.

"Komanso munthu akaona mwana ali ndi ludzu, n'kuyamba kutchula mtengo wa madzi, kawirikawiri botolo lake limakhala louma. Toara akanakhala ndi moni wa Kalmet, akanathamangira kwa amayi ako tsiku lomwe anatsika m'boti, chikwama chisanafike kunyumba. Ndi mmene timachitira kuno. Wochokera kunja amayamba wapereka moni wa ana a eni, kenaka n'kumakaonetsa nsapato.

"Tsono ichi uchimve ndi makutu onse awiri. Nyengo ya Chikho, nsungwi siikhala yopanda kanthu. Timu ikatuluka aliyense amakhala waonera, ndipo ukatsitsa mbendera anzako amabwera kudzakuseka, mumamwa tiyi, zatha. Koma ikatsika timu isanasewere n'komwe, a m'maboti amawerenga zina. Amati pakhomopo pagwa zovuta. Ndi mmene ndinadziwira za bambo ako, ndili pakati pa nyanja ndi ukonde m'manja. Palibe anandiuza ndi pakamwa. Ndinangoona nsungwi."

"Ndamva, agogo," anatero Leisongi.

Anamvadi. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Iye anaona kuti kutsitsa ina n'kukweza ina n'kanthu kongomeza malovu. Nsungwi ikhala yopanda kanthu liti?

4. Boti la amayi a kumsika

Kutacha, a Leitare analawirira kumunda kuseri kwa phiri. A Kalsong anapita kukaona misampha yawo ya nsomba. Leisongi anasesa pabwalo, kusesanso pomwe wasesa kale, maso ali kunjira.

Dzuwa litakwera anapita pansungwi. Mfundo imene anamanga Kalmet inali italimba ndi mchere, moti anachita kuimasula ndi mano. Mbendera inatsika pang'onopang'ono. Anaipinda bwinobwino n'kuikumbatira pachifuwa. Inkanunkha dzuwa.

Anadikira. Kunjira kunadutsa nkhuku, kenaka galu. A Toara osaoneka. Kava ya dzulo inali isanawamasule.

Kenaka anamva injini. Boti la amayi a kumsika linali litatulukira, likuchokera kudoko la Emua, kutsidya. Leisongi anayang'ana kunjira, anayang'ana kunyanja, mtima n'kumuuza kuti akweze msanga ya Brazil yomweyo. Pofulumira anakoka mbali yolakwika. Chingwe chinathawira m'mwamba, kusolotoka pa kangowe, n'kugwera pamapazi ake chonse ngati njoka yakufa.

Nsungwi inaima yokha, mbee, kuonekera mpaka pakati pa nyanja.

Injini ya boti inatsika mawu. Mayi wina anaimirira n'kuloza. Wina anafunda nsalu kumutu. Kulira kunayambira pamadzi pomwepo, ndipo boti lisanagunde mchenga, mnyamata wa padoko anali ataliza kale lipenga la chigoba lolengeza maliro. A m'nyumba imeneyo onse anaoneka dzulo ali bwinobwino. Wotsala ndani? Dzina linayenda pakamwa ndi pakamwa: Kalmet, Kalmet.

"Palibe wamwalira!" anakuwa Leisongi. "Ndine ndatsitsa! Palibe wamwalira!"

Amve ndani? Amayi a pa boti aja anali akukwera kale mtunda, manja kumutu. A kusitolo anazimitsa kanema. Uthenga unadumpha phiri n'kukafika kumunda, ndipo a Leitare anabwera chothamanga, opanda dengu, opanda chikwanje, mpango utagwera m'njira. Anakweza maso n'kuona nsungwi. Anagwa pabwalo n'kuyamba kudzigubuduza m'fumbi.

"Mwana wanga ine! Wafera kwa eni! Ndani wamutseka maso mwana wanga?"

A Kalsong anafika madzi akuchucha m'miyendo. Anayang'ana nsungwi, anayang'ana chingwe pansi, anayang'ana nsalu pachifuwa pa mdzukulu wawo. Anakweza dzanja, ndipo kulira kunatsika.

"Nena," anatero.

Leisongi ananena zonse, osamezako kanthu ulendo uno, misozi ikulowa m'kamwa. Anthu anayang'anana. Ena anayamba kufundukula nsalu kumutu. Koma a Leitare anapukusa mutu ali pansi pomwepo.

"Mukundibisira. Mwamva zinazake, mukundibisira. Sindidzuka pano mpaka ndimve mawu a mwana wanga."

Nthawi yomweyo kunjira kunamveka kulira kwatsopano, kwa mawu aakulu. Anali a Toara. Anali atamva uthenga m'njira, ndipo ankabwera magalasi ali kumaso, mbendera ya France ili m'khwapa.

"Kalanga ine, mnzanga Kalmet! Nkhuku ija inali yotsanzikana! Kochi wangondiimbira kumene!"

"Pukuta misozi, Toara," anatero a Kalsong. "Tiye kuphiri ukamuimbire mnzakoyo, amake amve mawu."

5. Pa kachere

Mudzi wonse unakwera phiri. A Leitare anawagwirira uku ndi uku. A Toara anawaika pakati, ngati nkhumba yopita kuukwati.

Atafika pa kachere, a Toara anatulutsa foni n'kuyamba kuizunguza m'mwamba.

"Netiweki lero yavuta."

"Yanga yadzaza," anatero mwini sitolo.

"Mayunitsi ndiye andithera."

"Ndakutumizirani pompano, taonani."

"Komanso nthawi ino amakhala ali pabwalo. Kochi salola foni. Ndimawadziwa malamulo ake ine."

"Kochi yemwe wakuimbirani uthenga wa maliro uja, alamu?" anafunsa a Leimara.

A Toara anayesa kubweza foni m'thumba, koma dzanja la a Kalsong linafika msanga. Zala zimene zija sizinaphonyepo mpira wa munthu. Anailanda n'kuipereka kwa Leisongi.

"Unaigula ndi mawu a mchimwene wako. Imba."

Leisongi anapeza dzina lija, KALMET, n'kudina, n'kukweza mawu kuti onse amve. Foni inaitana. Sanali mayi wa m'makina, inaitanadi.

"Toara!" anayankha mawu a mwamuna, okhuthala, achilendo. "Wafika bwino, mfumu ya malalanje? Wakumbuka anzako lero?"

"Pepani," anatero Leisongi. "Ndine Leisongi. Ndikufuna achimwene anga, a Kalmet."

"Kalmet? Ayi, mwanawe, wasokera. Ine ndine Nalau wa kuchilumba cha Tanna. Ndinkagona chipinda chimodzi ndi Toara kumunda kuno."

Anthu anatembenukira kwa a Toara. Iwo anali akuyang'ana masamba a kachere ngati akuwaona koyamba.

A Leimara anasendera pafupi ndi foni. "Achimwene a ku Tanna, tatiuzani za bwalo la udzu wopesa, kumene alamu anga ankakadya nkhuku ndi makochi."

Mawu aja anaphulika ndi phwete. "Bwalo liti? Toara ankaopa basi! Loweruka ife tikapita m'tauni, iye ankatsala akuchapa masokosi, mpira n'kumaonera pa foni yanga. Tsiku lina tinamuika pagolo, timu yathu ya othyola malalanje. Mpira woyamba utangobwera, munthu anakabisala kuseri kwa mtengo wa golo!"

Kuseka kunayamba, koma a Leitare anakudula.

"Bambo, ndine mayi wake wa Kalmet. Ndiuzeni chimodzi chokha ngati mukudziwa. Mwana wanga ali moyo?"

Nalau anasiya kuseka.

"Kalmet wa mwendo wamanzere uja? Mayi, ali moyo. Ndinamuona ndi maso angawa Lamulungu lapitali, kutchalitchi cha anthu akwathu m'tauni. Toara anali atachoka kale. Koma akuyendera ndodo, bondo lili m'mabandeji. Anandipempha kuti ndisauze a kumudzi, akuti akuchita manyazi. Pepani, mayi akulira sindingamubisire. Ndikuwadziwa amene akumusunga. Musachoke pomwe mulipo, ndiwafunefune pompano."

Foni inaduka.

A Leitare anakhala pa muzu wa kachere n'kuphimba nkhope. "Ali moyo," ankangobwereza. "Bondo si kanthu. Abwere ndi ndodo zakezo, ndimuphikira." Leisongi anagwada pambali pawo.

"Amayi, ndikhululukireni."

"Za kunyumba tikakamba kunyumba," anatero a Kalsong. "Mkeka wopepesera amayi ako uluka wekha, ndipo nsungwi ija ukwera wekha."

Tsono anthu amene akwera phiri ndi misozi n'kupeza kuti maliro kulibe, m'mimba mwawo mumatsala malo ambiri a phwete. Ana anayamba. Mmodzi anaponya kokonati wouma, mnzake n'kuthawira kuseri kwa kachere akukuwa, "Kochi, ndipulumutseni!" Amayi aja ankalira pa boti tsopano ankapukuta misozi ina. Mwini sitolo anachita kukhala pansi.

A Toara anakonza magalasi n'kutukumula chifuwa.

"Sekani, sekani. Komabe Australia ndinafikako ine. Inu munafika kuti?"

"Nayonso nsabwe imakwera ndege, alamu," anatero a Leimara, "koma ikabwera siitiuza kuti inkayendetsa ndi iyo."

Phiri linagwedezeka. Ali m'kati moseka choncho, foni inalira m'manja mwa Leisongi. Pagalasi panali nambala yaitali ya ku Australia, yopanda dzina.

A Toara anatambasula dzanja, nkhope ili gwa. "Bweretsa kuno, mwana iwe. Ameneyo ndi kochi."

Apa ndiye ngakhale a Kalsong anagwira nthiti, ndipo a Leimara anagwera m'tchire, miyendo m'mwamba. Leisongi anapatuka pang'ono kuseri kwa mizu, anatseka khutu linalo ndi chala, n'kudina.